Ndalama zinapita ndi he kapena she? Yankho kwa mlongo wa ku Kapata

Lachisanu lapitali ndinalandira imelo imene yandiseketsa sabata yonse, osati kuseka konyoza iyayi, koma kuseka kuja kwa munthu amene wapeza chithunzi chake cha ku pulayimale atavala kabudula wong'ambika kumbuyo. Walemba ndi mlongo wina amene amakhala ku Kapata, mu Chipata, koma amagwira ntchito mu shopu ya fetereza ndi mbewu ku Down Shops, dzina wati ndisatchule ndiye sinditchula. Abwana ake amakhala ku Lusaka ndipo amafuna lipoti tsiku lililonse pa WhatsApp, m'Chizungu. Nayi mbali ya kalata yake:

"Aphunzitsi ndithandizeniko. Lachitatu ndinalembera abwana kuti, Yesterday me I gave to him the money and she went at Mwami but he didn't came back. Pasanathe mphindi zisanu foni inalira, abwana akukalipa ati mkazi amene wapita ndi ndalama zanga ku boda ndi ndani. Chonsecho munthu ndi mmodzi yemweyo, dalaivala wathu, ndipo anachedwa chabe chifukwa tayala linaphulika, anabwera mmawa mwake. Mawu a Chizungu ndimawadziwa ambiri koma ndikati ndiwalumikize amabalalika. Chaka chino ndikulembanso GCE English. Ndiyambire pati? Komanso since ndi for zimandizunguza."

Mlongo wanga, choyamba pepani ndi kukalipiridwako, koma abwana anu tisawaimbe mlandu kwambiri. Munthu uli kutali makilomita oposa 500, ukuwerenga kuti ndalama zako zili ku Mwami, malo oti kudumpha pang'ono chabe wafika ku Mchinji, ndipo zili m'manja mwa she amene sukumudziwa, BP ikwera basi.

Chachiwiri, tabwezani chiganizo chanucho m'Chichewa muone. Dzulo ine ndinamupatsa ndalama ndipo anapita ku Mwami koma sanabwere. Mwapezapo cholakwika? Palibe ngakhale chimodzi. Ndiye kuti mutu wanu ukuganiza bwinobwino, vuto ndi lakuti munatenga chiganizo chabwino cha Chichewa nkuchiveka malaya a Chizungu, mabatani osagwirizana ndi zibowo zake. Zolakwika zonse zisanu zimene zili mmenemo zili ndi kwawo kumene zachokera, ndipo kwawoko ndi m'chilankhulo chathu.

Taonani liwu ili, ndinamupatsa. Ife timaliona ngati liwu limodzi chifukwa tinayamwira, koma mkati mwake muli anthu anayi. Muli ndi, amene ndi ine wochita. Muli na, amene akutiuza kuti zinachitika kale. Muli mu, amene ndi munthu wolandira. Ndiye pamapeto patsa, ntchito yeniyeniyo. Verb yathu, imene m'mabuku a Chichewa amati mneni, ili ngati minibasi ya ku Katete, dalaivala momwemo, kondakitala momwemo, matumba a nshawa momwemo, nkhuku pansi pa mpando, zonse zimayendera limodzi. Chizungu sichitero. Chizungu chili ngati njinga zija zimalowa m'tauni mmawa zitanyamula makala, aliyense njinga yake, aliyense katundu wake, ndipo amayenda mondondozana, wina akangodutsa mnzake pakhala ngozi. Ntchito yanu polemba lipoti ndi kutsitsa anthu mu minibasi nkuwakweza pa njinga mmodzimmodzi. Ndi asanduka I ndipo akhala kutsogolo. Na alibe njinga yakeyake, amalowa mkati mwa give nkumusandutsa gave. Mu, amene kwathu amakhala kutsogolo kwa patsa, m'Chizungu amapita kumbuyo nkukhala him. I gave him. Basi. Ukazolowera kumasula katundu chonchi theka la mavuto latha, ndipo zimenezi palibe anandiuzapo ku sukulu, ndinazitulukira ndekha nditayamba kale kuphunzitsa.

Tiyambe ndi chimene chinakweza BP ya abwana. Ife tilibe he ndi she. Iye ndi iye, kaya ndi amuna kaya ndi akazi, anapita ndi anapita. Ndiye ubongo wa Mchewa ukamathamanga umangotola chilichonse chimene chili pafupi, pano he, apo she, munthu yemweyo. Ndamvapo anthu a madigiri awo akulankhula pa msonkhano nkunena kuti my wife he is a nurse, sikuti sadziwa, lilime lathamanga kuposa maso. Ndipo musadzione ngati opepera, chifukwa ifenso tili ndi zathu zimene zimagwetsa alendo. Mzungu wophunzira Chichewa amatuluka thukuta ndi galu anathawa, mbuzi inathawa, chinkhoswe chinatha, ufa unatha, maungu anatha, iye sakuona chifukwa chimene a, i, chi ndi u zikusinthira pomwe mwana wa zaka zitatu ku Mchini salakwitsa. Aliyense ali ndi phiri lake.

Mankhwala ake amene ine ndinawaona akugwira ndi osavuta. Musayambe lipoti ndi he kapena him. Yambani ndi kutchula munthuyo, the driver, the customer, my aunt, kenako muone nkhope yake m'maganizo musanalembe pronoun, kaliwu kolowa m'malo mwa dzina ngati he kapena she. Mu uthenga wanu uja abwana sanauzidwe nkomwe kuti him ndi ndani, ndiye she atatulukira analibe pogwira. Ndipo mukamaliza kulemba, musanadine send, werengani kamodzi mukungoyang'ana ma he ndi ma she okha, china chilichonse chisiyeni. Masekondi khumi chabe.

Pang'ono ndipatuke, chifukwa nkhani iyi imandisangalatsa. Azungu enieniwo she sanabadwe naye. M'Chingerezi chakalekale mwamuna anali he ndipo mkazi anali heo, mawu awiriwa anayamba kumveka mofanana, ndipo she anayamba kuoneka m'zolemba m'zaka za m'ma 1100. They, them ndi their anachita kubwereka kwa ma Viking amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England. Ndiye chilankhulo chimene timachiopa chonchi nachonso ndi cha zigamba ngati thalauzi la ku salaula.

Pali china chimene simunachilakwitse mu uthengawu koma ndikudziwa chikubwera, nkhani ya ulemu. Ife sitinganene kuti tate wanga wabwera ngati tikunena za mwana, timati atate abwera, agogo anadwala, abwana anaimba. Ndiye pomasulira mtima umakana kunena he kwa munthu wamkulu, timapezeka talemba my father they came yesterday. Wowerenga amayamba kufunsa kuti anabwera ndi ndani. M'Chizungu atate ndi he, amayi ndi she, ngakhale Kalonga Gawa Undi kapena Nkosi yama Nkosi Mpezeni akalembedwa mu nyuzipepala ya Chizungu ndi he, ndipo palibe mwano pamenepo. Ulemu wawo amauika kwina, mu please, mu could you, mu maudindo. Kale analinso ndi iwe ndi inu ngati ife, thou anali iwe ndipo you anali inu, koma anthu anazolowera kupatsana ulemu mpaka thou anafa, anatsala m'mapemphero ndi m'Baibulo lakale. Ndiye mukamati you kwa abwana dziwani kuti mukunena inu kale, mtima ukhale pansi.

Manje me I. Ameneyu ndi ine ndi, ine ndinapita, ine sindifuna, ife tinabwera. Kwathu kubwereza chonchi ndi kutsindika ndipo nkokoma. Pocheza ndi anzanu nenani, Zambia yonse imanena me I don't know ndipo ine sindidzasiya, koma mu lipoti ndi pa mayeso a ECZ, bungwe la mayeso la Zambia, wochonga adzadula mzere wofiira. Lamulo lake ndi lakuti ma pronoun ambiri a Chizungu ali ndi mayunifolomu awiri. Akakhala wochita, kutsogolo kwa verb, amavala I, he, she, we, they. Akakhala wochitiridwa, kumbuyo kwa verb, amavala me, him, her, us, them. You ndi it okha ndi amene amagona ndi zovala zomwezo. Ifenso timatero koma sitizindikira, anandiona ndi ndinamuona, a uja wasanduka mu. She saw me, I saw her. They paid us, we paid them.

Ndipo apa ndi pamene pronoun amakumana ndi preposition, mperekezi m'Chichewa cha m'kalasi. Kumbuyo kwa to, for, with, from, at, about, nthawi zonse kumabwera yunifolomu yachiwiri ija. With me, to her, for them, from us. Palibe with I, palibe to she. Anthu amasokonezeka akakhala awiri, wina amalemba the boss spoke to my sister and I poganiza kuti I ndiye Chizungu chapamwamba. Chotsani sister muone, spoke to I, zikumveka? Ndiye ndi spoke to my sister and me. Chimodzimodzi me and my sister went, chotsani sister, me went, iyayi, ndiye polemba ndi my sister and I went.

Tibwere kwa na, nthawi yakale. Ife tili ndi mwayi, na mmodzi yemweyo amagwira paliponse, ndinadya, ndinagula, ndinagona, ena amati ndidadya koma ndi chimodzimodzi. Chizungu chili ndi ed, walked, opened, counted, delivered, ndipo zikanathera pomwepo bwenzi tonse tili ndi distinction. Koma pali ma verb ena pafupifupi 200 amene amakana ed, ndipo mwatsoka ndi omwewo amene timawafuna tsiku lililonse. Inu a mu shopu simungathe tsiku osafuna sold, bought, paid, gave, took, brought, sent, came, went, told, left. Musaloweze mndandanda wonse wa kumapeto kwa dikishonale kuyambira arise mpaka write, ndinaona ana ambiri akuimba ngati nyimbo ya kwaya koma pa composition nkulemba buyed. Tengani amene mumawagwiritsa ntchito, muwaike m'mabanja momwe amamvekera, bought brought thought caught taught banja limodzi, sold ndi told banja lina, sent spent lent built lina, ndiye pali aulesi amene sasintha nkomwe, put, cut, cost, hit, shut. The bag cost K900, osati costed. Went yekha ndi mwana wobwera ndi mayi, sanabadwe kwa go, anachokera ku verb ina yakale, wend, nchifukwa chake safanana ndi aliyense pakhomopo.

He didn't came. Ichi ndi cholakwika chimene ndachidula ndi bolopeni yofiira kambirimbiri kuposa china chilichonse, ndipo chimachokera ku khama, munthu waphunzira kuti come amakhala came ndiye safuna kumusiya. Koma ganizani za minibasi ija. Mnzanu akakulipirirani, kondakitala akabwera simulipiranso. Did walipira kale mtengo wa nthawi yakale, verb yotsatira imakwera ulere, imabwerera mmene inabadwira. He came, he didn't come. She paid, she didn't pay, did she pay? Where did you go, osati where did you went. Ndipo musati ndi nkhanza za azungu, taonani zathu, anabwera koma sanabwere, anapita koma sanapite, a wakumapeto wasanduka e ndipo palibe anakuphunzitsani, khutu linangozolowera. Koma was ndi were iwo safuna kulipiriridwa, he wasn't there, were they at the shop, did sayandikirako.

Kanthu kena kakang'ono. Ed ambiri ife sitimumva polankhula, chifukwa mu walked ndi asked amangomveka ngati t wofooka, ndipo lilime lathu silikonda mawu othera pa makonsonanti ounjikana, ndiye mwina timawonjezera i kapena timangomudula. Ukamudula pakamwa umamudulanso polemba, yesterday I ask him. Muziyang'anira. Komanso yesterday, last week ndi mawu ena otchula nthawi imene inatha sayenda ndi have. Ndamuona ndi I have seen him, koma ndinamuona dzulo ndi I saw him yesterday.

Tsopano ma preposition, kumene kuli ntchito yeniyeni, ndipo apa ndikhalitsa. Ife tili ndi ku, pa ndi mu, atatu okha koma amalima munda wonse. Tamverani ku. Ndinapita ku Lundazi, ndinachokera ku Lundazi, ndinagona ku Lundazi, ndinafika ku Lundazi. Ku sanasinthe, chimene chikutiuza kumene munthu walowera ndi verb. M'Chizungu ntchito imeneyo anaipereka kwa preposition. I went to Lundazi, I came from Lundazi, I slept in Lundazi, I arrived in Lundazi. Ndiye inu munalemba went at Mwami chifukwa munaphunzira kuti ku ndi at, pomwe ku ali ndi nkhope zinayi. Ngati pali kuyenda kulowera kwinakwake ndi to. Ngati munthu waima kapena wafika pa malo amodzi ngati boda, siteshoni, chigayo, ndi at, he waited at the border. Ngati ndi tauni kapena dziko ndi in. Koma arrive sayenda ndi to ngakhale pali kuyenda, ndipo reach safuna chilichonse, he reached Mwami, osati reached at. Home nayenso amayenda yekha, she went home. Chifukwa chake musandifunse, ndi mmene alili.

Pa ndi mu amatinyenga chifukwa nthawi zambiri amagwirizana ndi on ndi in, pa tebulo on the table, mu thumba in the bag, pa njinga on a bicycle, ndiye umayamba kuwakhulupirira. Kenako umakwera basi ya ku Lusaka, uli mkati ndithu, mawindo otseka, mwadutsa Nyimba mukutsetserekera ku Luangwa Bridge, wina akuimba foni iwe nkunena I am in the bus, pomwe eni ake amati on the bus. Koma galimoto yaing'ono ndi taxi ndi in. Ena amati ngati ungathe kuimirira nkuyenda mkatimo ndi on, basi, sitima, ndege, ndipo kalamulo kameneka kamathandiza ndithu. Pa nthawi ndiye pali dongosolo labwinoko, ola ndi at, tsiku ndi on, mwezi ndi chaka ndi in. Tinene kuti munapita ku Nc'wala, mwambo wa Angoni umene umachitika Loweruka lomaliza la February ku Mtenguleni. We went to Mtenguleni in February. We left on Saturday at 06 hours. Zambia became independent on 24 October, in 1964. Koma yesterday, last week, this morning, next month, amenewa musawaike kanthu kutsogolo, on yesterday kulibe.

Koma chimene chimatigwetsa kwambiri si ku, pa, mu. Ndi kamchira kaja ira kapena era. Ndinamugulira, ndinamuphikira, ndinamunyamulira. Kamchira kameneka ndi preposition yathu yobisika, imakwera minibasi yomweyo kumpando wakumbuyo. Pomasula imatuluka nkukhala for, I cooked for her, I carried it for him. Mpaka apa zili bwino. Koma ndinamulembera kalata ingakhale I wrote to her, kalata ikupita kwa iye, kapena I wrote it for her, iye sadziwa kulemba ndiye ndamuthandiza. Anandikwiyira ndi she was angry with me. Ndipo pali imodzi imene sindidzaiwala. Ndikuphunzitsa Grade 9 pa sukulu ina ya kumudzi chakumwera kwa Chipata, ndinapereka composition yoti alembe za tsiku limene anakhumudwa kwambiri. Mnyamata wina wofatsa, wokhala kutsogolo, analemba kuti my uncle stole a bicycle for me and I cried the whole night. Ndinakhala ndi pepala lija m'manja pa khonde la nyumba, nyali ya parafini ikufuka, ndikudzifunsa kuti mwana wapatsidwa njinga akulira chiyani, kapena ndi chikumbumtima. Mmawa ndinamuitana pambali, ndinati tandiuza m'Chichewa. Ati amalume anandibera njinga imene atate anandisiyira. Anandibera. Era yemweyo, koma apa ndi from, stole it from me. Kaliwu kamodzi kanasandutsa mwana woberedwa kukhala wolandira katundu wakuba. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuletsa Chichewa m'kalasi langa la English, ngakhale lamulo la pa sukulupo linali lakuti wolankhula vernacular akasese kapena akatunge madzi. Lamulo limenelo ine ndimaliona kuti linatipweteka, linatilanda chida chokhacho chimene tikanayezera Chizungu nkuona pamene chikusiyana ndi chathu.

Ndi nayenso, kapena na mmene ambiri timanenera kuno, ali ndi nkhope zambiri. Ndinapita ndi mlongo wanga, with. Ndinapita ndi basi, by bus. Anadula ndi mpeni, with a knife. Analumidwa ndi galu, by a dog. Anakwatiwa ndi mphunzitsi, apa ndi she married a teacher kapena she is married to a teacher, married with ayi.

Ndiye pali ma verb amene kwathu amayenda okha koma m'Chizungu amafuna mperekezi, ndipo ena ndi mosemphanitsa. Ndinamudikira, ife palibe kanthu pakati, ndiye timalemba I waited him, pomwe ndi waited for him. Anandiseka, laughed at me. Ndinamumvera, listened to her. Ndinamufunafuna, looked for him, ndinamuyang'ana, looked at him, ndinamusamalira, looked after him, look mmodzi yemweyo koma kaliwu kakumbuyo kakusintha nkhani yonse. Mbali inayo tinakambirana za mtengo, za uja amatikoka kulemba discussed about, pomwe ndi we discussed the price. Analowa mu shopu, he entered the shop, popanda in. Ndinamuimbira, I phoned her kapena I called her, popanda to. Apa palibe nzeru imene ingakupulumutseni, ndipo ndi chifukwa chake ndimauza aliyense kuti preposition musamaiphunzire payokha. Funso lakuti at amatanthauza chiyani lilibe yankho. Phunzirani verb ndi mperekezi wake ndi pronoun limodzi ngati mtolo umodzi wa nkhuni, waited for him, shouted at me, paid for it, agreed with her, asked them for it.

Tibwerere ku gave to him the money. Give, send, show, bring, pay, sell, lend amalola njira ziwiri. Munthu akayamba, to palibe, I gave him the money. Chinthu chikayamba, to alipo, I gave the money to him. Inu munasakaniza ziwirizi. Chinthucho chikakhala it, njira yosalakwa ndi yachiwiri, I gave it to him. Buy, cook ndi make amachita chimodzimodzi koma ndi for, I bought her a chitenge, I bought it for her. Tell amafuna munthu pompo, she told me, koma say ndi explain amafuna to, she said to me, he explained it to us. She said me ndi explain me kulibe, ngakhale mumazimva tsiku lililonse.

Ndipo popeza muli mu shopu, ndipo nyengo ya dzinja ikamayandikira alimi amabwera kudzapempha fetereza wa ngongole, borrow ndi lend muwagwire bwino chifukwa apa ndalama zimasochera zenizeni. Ife timati ndibwerekeni, nchifukwa chake borrow me yafala dziko lonse. Koma ganizani za kukongola ndi kukongoza. Ndinakongola kwa iye, I borrowed from him. Ndinamukongoza, I lent him, kapena I lent it to him. Mukalembera abwana kuti I borrowed the farmer two bags of urea, sadziwa ngati shopu ili ndi ngongole kapena mlimi ndiye ali nayo. Kanthu komaliza pa mzere umenewu, pick up, drop off, send back, pronoun amalowa pakati. The driver picked up the bags zili bwino, koma ndi picked them up, dropped her off, sent it back.

Mwafunsa kuti muyambire pati. Ine mabuku aja odzaza ndi mipata yoti uikemo in, on, at sindiwakhulupirira kwambiri, munthu amakhoza 18 pa 20 nkutuluka panja nkunena I went at town. Inu muli ndi mwayi umene ana a sukulu alibe, muli ndi nkhani yeniyeni tsiku lililonse ndi munthu woiyembekezera. Mukatseka shopu, musanatsegule WhatsApp, tengani kabuku kaja kolembamo ngongole, kumasamba akumbuyo, lembani ziganizo zisanu za tsikulo m'Chichewa mmene mungauzire amayi anu. Kenako verb iliyonse muidule ndi bolopeni, a na ndi bweretsera, ndi na wa tumizira, nkufunsa mafunso anayi, wachita ndani, liti, kwa yani, ndipo kamchira kakubisa chiyani. Anandibweretsera lisiti, he brought me the receipt. Ndinawatumizira ndalama, I sent them the money, kapena I sent her the money ngati wa uja ndi waulemu chabe ndipo munthu ndi mmodzi. Poyamba zidzakutengerani theka la ola ndipo mudzatopa nazo, pakatha mwezi mudzaona kuti mitolo ina ikubwera yokha osadutsira m'Chichewa. Nkhani za Chizungu pa ZNBC kapena pa Breeze FM muzimveranso ndi khutu lina, nkhani zambiri zimanena zimene zachitika kale, ndiye said, told, arrived in, met with, handed over to zimangogwa ngati mango a mu December, tolani ziwiri patsiku mulembe. Zimenezi ndi zomwezo zimene zidzakuthandizeni pa composition ya GCE, makamaka yofotokoza nkhani, chifukwa wochonga amaona msanga munthu amene wayamba ndi went nkupezeka ali pa go pakati pa ndime.

Uthenga wanu uja ukanayenera kukhala chonchi. Yesterday I gave the driver the money and he went to Mwami, but he didn't come back. Ndipo kuti abwana agone tulo mukanawonjezera, He phoned me at 19 hours and told me about the puncture. Ndiye la mmawa mwake, He arrived at the shop this morning and gave the receipt to me. Muwerenge mokweza katatu, muone mmene njinga zikuyendera mondondozana.

Za since ndi for ndidzakuyankhani padera sabata yamawa chifukwa zimakoka have ndi has, ndipo imeneyo ndi minibasi ina. Pano magetsi apita kuyambira 14 hours ndipo laputopu yatsala ndi 9 peresenti. Mukalemba lipoti la Lolemba nditumizireni kaye ndilione musanatumize ku Lusaka.